Singano Imodzi ya ku Joni

Kwa zaka khumi ndi zitatu a Magadalena ankakhulupirira kuti mawu olembedwa pamkono wa amuna awo ndi pemphero.

Amuna awowo, a Gervazio Ndau, a m'mudzi wina kuseri kwa Kasina, anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni kuyambira 1978 mpaka 1988, chaka chimene Amalawi anabwezedwa kwawo. Pakati pa zakazo ankabwera kudzapuma. Ulendo wa 1982 anafika ndi wailesi, bulangete lofiira, ndi zilembo zakuda pamkono wakumanzere: SIBONGILE. Zilembo zoyamba zinali zazikulu bwino, koma wolembayo anazindikira mochedwa kuti malo akutha, moti zitatu zomalizazo zinathithikana pafupi ndi chigongono.

"Nanga ichi n'chiyani, bambo a Hellen?" anafunsa a Magadalena.

"Chizulu chimenecho, mayi. Tanthauzo lake ndi 'tathokoza'. Mwala unagwa mumgodi n'kundiphonya pang'onong'ono. Ndiye ndinati ndilembe pathupi pomwe, ndisadzaiwale zimene Ambuye anandichitira."

A Magadalena sanali munthu wongokhulupirira zilizonse. Anapita kwa mkulu wina wa Chingoni amene ankakumbukirabe mawu angapo a makolo ake, ndipo mkuluyo anavomera kuti inde, kubonga n'kuthokoza. Kuyambira tsiku limenelo mkonowo unasanduka ulemu wa banja. Ku mphakati, kumene akhristu a m'mudzimo ankakumana Lachinayi lililonse, kukabwera mlendo a Magadalena ankagunda amuna awo ndi chigongono n'kunena kuti, "Bambo, tawaonetsani." A Gervazio ankapinda malaya n'kufotokoza za mwala uja. Chaka choyamba mwalawo unali ngati dzungu. Pofika 1990 unali utakula ngati ngolo.

Atabwereratu kumudzi, a Gervazio anayamba ulimi wa kachewere ndi kabichi kudimba, ndipo ankakagulitsa pamsewu wa ku Chimbiya. Anali munthu wamphamvu, wokonda kuseka, wokondanso kachasu. Poyamba ankamwa Loweruka lokha. Kenako Loweruka linayamba kutalika, kumayambira Lachitatu.

Kutopa kunayamba mu 1995, mvula itangosiya. Ankapita kudimba m'mawa, koma dzuwa lisanafike pamutu, a Magadalena ankawapeza atagona pakati pa mizere, khasu atatsamira. Ankawadzutsa ndi mawu akuthwa, poganiza kuti ndi ulesi wa mowa. Kenako chakudya chinayamba kuwakana. Thupi linkayabwa, mikodzo inada ngati tiyi wopanda mkaka. Pofika mwezi wa June, nthawi imene chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, maso awo anali achikasu.

Nthawi imeneyo n'kuti zipani zitangobwera kumene, ndipo anthu amene anakhala zaka makumi atatu ali chete anali kuyankhula chilichonse. A Gervazio ankadziwika kuti ndi a chipani chakale, ndipo chaka cha chisankho anakangana ndi pafupifupi aliyense wovala nsalu yachikasu pa Chimbiya. Tsono tsiku lina atangotsitsa thumba panjinga, mayi wina wogulitsa tomato anawayang'anitsitsa n'kuomba m'manja.

"Anthuni, tabwerani mudzaone! Ife timangovala nsalu yokha, koma a Ndau alowa chipani mpaka ndi maso omwe!"

"Akupatsani udindo wanji, bambo?" anafuula woitanira minibasi. "Musatiiwale mukakhala nduna!"

A Gervazio anaseka nawo, koma kuseka kwa pakamwa pokha. Ankadziwa kuti akatembenuka, anthu omwewo amanong'onezana zina: kuti ndi matenda aja, kuti a ku Joni onse akutha chomwecho. Kwa mayi wotcheza kachasu anapeza atawasungira kapu yawoyawo, yomangidwa kachingwe kuti isasakanikirane ndi zina. Ku mphakati anthu ankawapatsa moni ndi nsonga za zala.

"Mawa tikupita kuchipatala," anatero a Magadalena. "Ngati ndi matenda ajawo, ndimve kwa adokotala, osati pamjigo."

Kuchipatala cha mishoni anakumana ndi dokotala wamfupi wa magalasi, dzina lake a Rafaelo. Anawayeza Edzi ndipo sanawapeze nayo. Koma atawadina pansi pa nthiti za kumanja, a Gervazio analumpha. Adokotala anati chiwindi chatupa, ndipo anatenga magazi ena n'kuwatumiza ku Lilongwe, kumene kunali anthu ofufuza za matenda a chiwindi. Anawauza kuti abwerenso pakatha mwezi. A Gervazio anangomva zoti alibe Edzi. Pepala lakelo analiyendetsa Chimbiya yense, analionetsa ngakhale kwa anthu osadziwa kuwerenga, ndipo madzulo ake anakakondwerera kwa mayi wa kachasu uja, atakana kapu ya kachingwe.

Mwezi utatha anabwereranso ndi akazi awo.

"Bambo Ndau, muli ndi matenda otchedwa hepataitisi C," anatero a Rafaelo.

"C?" A Gervazio anaganiza pang'ono, nkhope n'kumasuka. "Ndiye kuti A ndi B ziliponso?"

"Zilipo."

"Basi zili bwino. Kachewere wa giredi C ndi uja wamng'onomng'ono, wodyetsa nkhumba."

"Si kachewere ameneyu, bambo." Adokotala anavula magalasi. "Ndi kachirombo kokhala m'magazi. Kamapita kuchiwindi n'kumachiwononga pang'onopang'ono, zaka khumi, zaka makumi awiri, munthu osamva kanthu. Pamene inu munali ku Joni, ngakhale madokotala sankakadziwa dzina. Njira yokayezera yabwera posachedwa pompa. Anthu ambiri amene anayenda kunja angakhale nako koma sadziwa, chifukwa uko anachokako, ndipo kuno palibe amene amawayeza."

"Ndiye mundibaya jakisoni angati?"

"Mankhwala ake kuno kulibe. Kumene aliko, sachiza aliyense. Chimene mungachite n'kusiya kuchivutitsa chiwindicho. Mowa musiyiretu."

"Wonse?"

"Wonse."

"Ngakhale masese? Aja ndi phala chabe."

"Ngakhale masese. Lezala lanu likhale lanu, mswachi wanu ukhale wanu. Kudyera mbale imodzi, kupatsana moni, palibe vuto. Mayiwa tiwayezanso." Kenako anatenga cholembera. "Kachiromboka kamayenda ndi magazi. Anakuikaniponi magazi a munthu wina?"

"Ayi."

"Nanga ichi chili pamkonochi anakulembani ndani?"

A Magadalena anawongoka pabenchi. "Pemphero limenelo, adokotala. Mwala unawaphonya mumgodi."

"Chabwino, mayi. Chinali chaka chanji, bambo?"

"1981."

"Singano yake inali yatsopano?"

A Gervazio anayang'ana kudenga. "Inali singano."

"Munali nokha, kapena tsiku limenelo analembanso ena ndi singano yomweyo?"

Kudenga kuja kunalibe chowathandiza. "Tinali anayi."

"Anayi?" anadabwa a Magadalena. "Mwala uja unaphonya anthu anayi?"

"Unali waukulu, mayi. Ndakhala ndikukuuzani."

Adokotala analemba kanthu papepala, n'kutembenukira kukhomo. "Sibongile! Tabwerani mudzatenge magazi a mayiwa."

M'chipindamo munalowa namwino wachitsikana, woonda, atanyamula kambale ka jakisoni. A Gervazio anali atatseka maso.

"Adokotala," anatero a Magadalena mwaulemu kwambiri, "mwati ndani?"

"Ndine, mayi," anayankha namwinoyo. "Sibongile ndi dzina langa. Kwathu ku Mzimba tilipo ambiri."

"Ndi dzina la munthu?"

"Inde."

"La akazi?"

"Onse amene ndikuwadziwa ine ndi akazi." Apa maso a namwinoyo anagwera pamkono wa a Gervazio. Anabwerera m'mbuyo. "Mayi, ine bambowa sindikuwadziwa! Ndi lero kuwaona!"

"Zinalembedwa mu 1981," anatero a Rafaelo, akupukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Ndiye ine ndinali Sitandade 3!"

"Usaope, mwana wanga," anatero a Magadalena, n'kutambasula mkono wawo. "Baya."

Anabwerera pa minibasi. Atatsika n'kuyamba kukwera mtunda wopita kumudzi, a Magadalena anaima pansi pa mtengo wa masuku n'kuloza muzu.

"Khalani apo. Yambirani pa mwala."

"Mwala kunalibe."

"Pitirizani."

A Gervazio anafotokoza zonse. Sibongile anali mayi wogulitsa mandasi ndi tiyi pageti la komponi imene ankagona. Anali wojintcha, wa mpata kumano, ndipo akaseka ankamveka mpaka kumabafa. Amalawi anayi ogona chipinda chimodzi anamukonda onse: iwowo, Bonifasio wa ku Lobi, Amadu wa ku Chimbiya, ndi Alufeo wa ku Linthipe. Palibe amene analimba mtima kumuuza. Ankangogula mandasi, aliyense kufuna kuposa mnzake, mpaka pansi pa bedi pankachita nyerere. Lamulungu lina anakangana kuti womukonda kwambiri ndani. M'komponimo munali munthu wina wolemba anthu pathupi ndi singano yosokera ndi mwaye wa tayala lowotcha. Anapita onse anayi, n'kuima pamzere. Akamaliza mmodzi, singanoyo ankaipukutira pathalauza lake n'kuitana wotsatira.

"Lolemba tinapita pageti, tonse n'kupinda malaya nthawi imodzi. Anayang'ana mikono inayiyo n'kufunsa kuti palembedwa chiyani. Sankadziwa kuwerenga."

"Ndiye?"

"Titamuuza anaseka mpaka anataya tiyi. Anatipatsa mandasi awiriawiri aulere. Patatha miyezi itatu anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, n'kusamuka."

A Magadalena anawayang'ana m'maso. "Munagona naye?"

"Ndikulumbira, mayi, ngakhale dzanja lake sindinaligwirepo. Mwina polandira chenje."

Iwo ankayesa kuti zimenezi ziwaziziritsa mtima akazi awo, koma ndi pamene anapsa mtima kwenikweni.

"Mukanachimwa ngati amuna anzanu, bwenzi ndikudziwa choti ndikawauze ansembe! Koma munthu wamkulu, wa ana asanu, kuwononga chiwindi chifukwa cha mandasi? Ine zaka zonsezi kumakuimiritsani pa mphakati, azimayi kumalira, kumaimba nyimbo, kuimbira mayi wa mandasi! Chaka chatha munawaonetsa ngakhale abambo mfumu pa ubatizo!"

"Tanthauzo lake ndi lomwelo ndithu, mayi. Pamenepo sindinaname."

"Dzukani. Musandiyankhulitse zambiri."

Adokotala anali atanena kuti anzawo atatu aja auzidwe kuti akayezetse. Alufeo sanabwerere kumudzi, ndipo ngakhale abale ake sankadziwa kumene ali. Bonifasio anamwalira mu 1993. Wotsala anali Amadu, amene tsopano anali Che Amadu, mwini golosale pa Chimbiya, munthu wandevu zake, wolemekezeka kumzikiti. Pamwamba pa khomo la sitolo yawo panali chikwangwani cha zilembo zobiriwira: SIBONGILE GOLOSALE. A Magadalena anali atachiona kambirimbiri, n'kumati mumtima Asilamu nawonso amadziwa kuthokoza.

Sabata yonse a Gervazio ankapeza zifukwa. Lero njinga yaphulika, mawa mutu. Loweruka a Magadalena anawatulutsira nsapato n'kuziika pakhomo, iwo atavala kale mpango.

Anapeza Che Amadu ali kuseri kwa kauntala, akazi awo a Salma akuthira mchere m'timapepala. Atapatsana moni, a Gervazio anatsokomola.

"Che Amadu, ndabwera ndi nkhani ya ku Joni."

"Za ku Joni zinatha, a Ndau."

"Mukukumbukira Lamulungu lija?"

"Ine za Lamulungu sindizidziwa. Tsiku langa ndi Lachisanu."

"Lamulungu la singano."

"Singano zilipo, zazikulu ndi zazing'ono. Mukufuna zingati?"

A Magadalena anaona kuti dzuwa lilowa anthuwa akuzungulirabe. Anatembenukira kwa a Salma. "Pepani amayi, ndifunse nawo. Pamkono pa bambowa, chakuphewa, palembedwa chiyani?"

A Salma anadabwa kuti mlendo akudziwa zimenezi, chifukwa Che Amadu analembetsa pamwamba kwambiri, pamene sipaoneka ngakhale akamasamba mikono pokapemphera. "Ndi dzina la mgodi umene ankagwirako ntchito," anayankha. "Ndine ndinawauza kuti golosaleyi tiitchule dzina lomwelo, chifukwa ndi kumene kunachokera mpamba."

"Mgodi," anatero a Magadalena. "Kwathu linali pemphero. Tiyeni kuseri, amayi, ndikuuzeni za mgodi umenewu."

Azimayiwo atatuluka, Che Amadu anakhala pathumba la shuga n'kugwira mutu.

"Mwandipha, a Ndau. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Sindinabwere kudzakuyalutsani. Tandiyang'anani m'masomu." A Gervazio anakoka chikope ndi chala. "Si chipani ichi. Adokotala akuti ndi kachirombo ka m'magazi, ndipo akuganiza kuti kanadzera m'singano ija. Ine ndinali wachitatu pamzere. Inu munali womaliza."

"Koma ine sindikumva kupweteka paliponse."

"Inenso sindinkamva. Bonifasio anamwalira bwanji?"

Che Amadu anaweramitsa mutu. Ndi iwo amene ananyamula Bonifasio pa pikapu yawo kupita naye kuchipatala. Ankakumbukira mimba yotupa ngati ya mayi wa mapasa, miyendo yodzaza madzi, ndi magazi amene anasanza panjira.

"Maso ake analinso choncho," anatero motsitsa mawu.

Kuseri kunamveka mfuu umodzi waufupi. Patapita nthawi a Salma analowa atanyamula chitini cha penti yoyera ndi bulashi. Anaziika pakauntala bwinobwino.

"Kwerani," anatero.

"Amayi, masana ano? Anthu onsewa?"

"Chikwangwanicho mwachisunga masana zaka zisanu ndi ziwiri. Kwerani."

Che Amadu anagubuduza mgolo, anakwera, n'kuyamba kufufuta chilembo chimodzichimodzi, a Gervazio atawagwirira mgolowo. Ogulitsa tomato anasiya malonda awo. Oitanira minibasi anafunsa ngati golosale yagulitsidwa, wina anafunsa ngati mgodi wagwa. Kwa miyezi iwiri sitoloyo inkangotchedwa GOLOSALE, mpaka tsiku lina kunabwera wolemba zikwangwani n'kuikapo dzina la a Salma, zilembo zake zazikulu kuposa zakale.

Lolemba lotsatira onse anapita kuchipatala. Zotsatira zitabwera, azimayi awiriwo analibe kachirombo. Che Amadu anali nako, koma chiwindi chawo chinali chisanawonongeke kwenikweni, ndipo a Rafaelo anati mwina n'chifukwa choti mowa sanaulawepo.

"Ndiye chimene chimandipweteka n'chimenecho," anatero Che Amadu ali panja. "Inu atatu tsiku lija munali mutaledzera. Ine ndinali bwinobwino. Ndilibe ngakhale chonamizira."

Kusiya kachasu kunawavuta a Gervazio kuposa matendawo. Masabata oyamba manja ankanjenjemera, ndipo ankakwiya ndi nkhuku zomwe. A Magadalena anapita okha kwa mayi wotcheza uja n'kumuuza kuti akadzawagulitsanso, pa maliro awo adzaphika yekha. Kawiri konse a Gervazio anapezeka ataima kumunsi kwa nyumba ya mayiyo, kumene kumalowera mphepo, akungokoka mpweya. Kamodzi anagwa ndithu, anamwa, n'kudwala masiku anayi. Atadzuka pamenepo sanabwerezenso. Nthawi imene ankakhala kumowa anayamba kuithera pabenchi ya Che Amadu, akumwa tiyi ndi kukangana za zipani.

Ku mphakati a Magadalena sanawakakamize kanthu. Anangosiya kuwagunda ndi chigongono. Koma Lachinayi lina kunabwera katekisiti wachilendo amene anali atamva mbiri ya mkonowo, ndipo anapempha kuti auone. A Gervazio anaimirira, anapinda malaya, n'kunena zoona zonse, kuyambira mandasi mpaka chiwindi. Anthu anayesetsa kudzigwira chifukwa anali pamapemphero, koma mayi wina atangophulika, onse anagwa nacho chiseko. Chili mkati, anthu anaona mkulu wina amene anakhalitsa ku Zimbabwe akukokera pansi mkono wa jekete. Aliyense ankadziwa kuti pamenepo palembedwa MARIA.

"Musandiyang'ane!" anakalipa mkuluyo. "Wangayu ndi Maria Virigo weniweni!"

Palibe anamutsutsa. Koma sabata yotsatira anafika kwa a Gervazio m'mamawa, n'kufunsa monong'ona kuti dokotala wa magalasi uja amapezeka masiku ati.

Panatsala ulendo umodzi. A Jesinta, mkazi wa malemu Bonifasio, ankakhala kwawo ku Lobi. Amuna awo atamwalira ndi mimba yotupa, achibale a mwamunayo ananena kuti a Jesinta anawadyetsa mankhwala m'ndiwo. Pamaliro sanawalole kukhala pafupi ndi bokosi, ndipo kuyambira pamenepo sankayankhulana nawo. A Magadalena ndiwo anati ayenera kupitako.

Anakwera matola mpaka pamsika wa Lobi, n'kuyenda wapansi kukwera phiri. Anapeza a Jesinta akupuntha nyemba pabwalo. Atakhala pamphasa, a Gervazio anafotokoza pang'onopang'ono za matenda awo, za singano, ndi za Che Amadu.

"Adokotala akuti munthu amene anapita sangamuyeze, ndiye sangalumbire. Koma akuti zizindikiro zake ndi zomwezo. Alamu, mnzanga uja ayenera kuti anabwera nawo matendawo kuchokera ku Joni. Si ndiwo zanu ayi."

A Jesinta anayang'ana nyemba zawo. Misozi inayamba kutsika yokha, osaipukuta.

"Zaka ziwiri," anatero. "Mpaka ndinayamba kudzifunsa ndekha kuti kapena ndinathiradi kanthu osadziwa."

A Magadalena anasendera pafupi n'kuwagwira dzanja. Kenako a Jesinta anapukuta nkhope ndi nsalu n'kufunsa kuti, "Koma chimene sindikumvetsa, inu nonse anayi munalemberanji dzina la hatchi?"

"Hatchi?" anatero a Magadalena.

"Eya. Sibongile. Iwo ankati inali hatchi ya mpikisano, yothamanga kwambiri ku Joni konse."

A Gervazio anadzuka n'kunena kuti akufuna kukaona mmene nyemba zabereka kumunda. Ali kumeneko anamva kuseka kwa azimayi awiri, kuseka kosakanikirana ndi kulira, kenako kusekanso. Atabwerera, a Jesinta anawapempha chinthu chimodzi: kuti akanene mawu omwewo kwa alamu awo, tsidya lina la mtsinje. Anapita tsiku lomwelo. Mkulu wake wa Bonifasio anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti za madokotala n'za madokotala, iye akudziwa zimene akudziwa. Koma mlongo wake anawaperekeza mpaka pamtsinje, ndipo polekana anafunsa ngati ana a Jesinta akupitabe kusukulu.

Pobwerera kumsika, mtunda unawakanika a Gervazio. Miyendo inalemera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anakhala pachulu m'mbali mwa njira, akupuma movutika. A Magadalena anapitirira pang'ono, anaima, n'kubwerera. Anamasula mfundo ya nsalu, anatulutsa chinangwa chophika chimene a Jesinta anawapatsa, n'kuwagawira chachikulu.

"Chaka chino dimba tilima theka," anatero. "Ine ndi Hellen tizilima. Inu muzikakhala pamsewu n'kumagulitsa. Pakamwa pokha ndiye mpamene simudwala."

"Ndiye kuti mwandikhululukira, mayi?"

"Ayi. Ndangotopa n'kuima. Idyani."

Zinayenda chomwecho. Chikasu chija chinachepa m'maso mowa utasiyidwa, koma mphamvu sizinabwerere. Masiku ena ankalephera ngakhale kupalasa njinga, ndipo matumba ankapita pangolo ya mnansi. Miyezi itatu iliyonse ankapita ndi Che Amadu kwa a Rafaelo kukadinidwa pamimba, ndipo ankakangana njira yonse kuti chiwindi chabwino n'cha ndani. Zokolola zinachepa, denga la malata limene ankafuna kukhoma linadikira, ndipo a Magadalena anakalamba msanga ndi khasu.

Pofika 1999 a Gervazio anali adakali pamalo awo pa Chimbiya, atavala chijasi, milu ya kachewere ili patsogolo. Anali ataphunzira kuzindikira anthu amene anakhalako kumigodi: kayendedwe kawo, zipewa zawo, ndi timawu ngati "manje" ndi "mara" timene timawapulumuka pokambirana mtengo. Akamva kamodzi kokha, ankasiya kachewere n'kusendera pafupi.

"Achimwene, pepani. Uko munali, munalembetsako kanthu pathupi?"

Ena ankakwiya n'kukagula kwa mayi wa pambali. Ena ankaseka n'kuonetsa nangula, mkango, kapena dzina limene ankati ndi la mlongo wawo. A Gervazio ankawafotokozera onse mofanana, mpaka minibasi inkawasiya. Ambiri sankaonekanso. Koma mwezi ukamatha pankapezeka mmodzi kapena awiri obwerera, osafuna kachewere, ongofuna kudziwa kuti akafika kuchipatalako akalowe khomo liti.